Chisoso Chovala Tayi

Ku Tsangano kulibe kasino, tisanamizane. Kuli kachewere, kabichi, tomato, chisanu cholowa mpaka m'mafupa, ndi msewu woti ukangoterereka wagwera ku Mozambique. Koma June uno kunabwera mwana wa achemwali anga, amene amagawa makhadi m'kasino ina ku Lilongwe. Agogo ake atamufunsa za ntchito, iye anati, "Ndili pa tebulo la blackjack, agogo." Agogo anatuma mwana kwa aphunzitsi opuma kuti akafunse tanthauzo. Yankho linabwera pakapepala: blackjack ndi chisoso. Agogo anagwira pakamwa. "Ng'ombe ija tinagulitsa kuti uphunzire, iwe n'kumakagulitsa chisoso? Utavala tayi?" Mnyamata anati anthu amaikapo mpaka K50,000 ulendo umodzi. Kutacha, makasu onse anali pansi pa bedi la agogo. "Amene akapalire kudimba kuja ndithana naye."

Madzulo tikuotha moto, wa tayiyo anati patebulo saikapo ndalama. "Umayamba wapereka ndalama zako, iwo n'kukupatsa tchipisi." Achimwene anga, omwe kachewere wawo amakathera pa ziwaya za ku Limbe, anasendera pafupi. "Cha ndalama zingati?" "Ena amatenga cha K500,000." "Munthu mmodzi? Mbatata yake amagula kuti?" "Si cha mbatata, malume, n'cha pulasitiki." Achimwene anamenya ntchafu. "Ndimadziwa ine! N'chifukwa chake mavenda akutigula motchipa chaka chino."

Malamulo anawanena mpweya umodzi: uyandikire 21 kuposa wogawa, ukadutsa wapsa. Khadi la nambala ndi nambala yomweyo, koma Mfumu, Mfumukazi ndi Jeke onse ndi 10. Mkulu wina wa Chingoni anagunda pansi ndi chibonga. "Tabwereza. Mfumu ndi mnyamata wake mtengo umodzi?" "Eya, agogo." Mkuluyo anatulutsa K50 yopindapinda, n'kuloza nkhope ya Inkosi ya Makhosi Gomani II. "Kwathu kuno mfumu ndi mfumu. Gawa tione." Analandira Mfumu ndi Mfumukazi, 20, n'kukhosomola monyadira. Wa tayi anatembenuza zake: Jeke ndi Ace, 21. K50 ija inalowa m'thumba la malaya. Mkulu anayang'anitsitsa thumbalo, anavula chipewa. "Bayete. Mukafike bwino ku Lilongwe."

Pa Tsangano Turn-off mnyamata anadandaula kuti Ace ndi khadi lovuta kuwaphunzitsa anthu, chifukwa nthawi zina ndi 11, nthawi zina ndi 1. Mayi wa tomato sanadzutse n'komwe mutu. "Chovuta n'chiyani pamenepo? Ameneyo ndi tomato. Basi ikaima ndi 11, ikanyamuka ndi 1."

Msuweni wanga, mkulu wa mpingo, analowapo m'kasino ina ku Blantyre, akuti anasochera pofunafuna chimbudzi. Kusochera kwake kunamufikitsa mpaka pampando. Mtsikana wogawa anamufunsa, "Hit or stand?" Chingerezi cha Sitandade 8 chinamuuza kuti akuti menya kapena imirira. Anaimirira. Ulendo wachiwiri, anaimiriranso. Wachitatu anali ndi 9 yokha, yoti ngakhale atakoka khadi lanji sangapse, ndipo mtsikana anamumvera chisoni. "Apa hit, bambo, hit." Msuweni anaika manja kumbuyo. "Mwana wanga, zaka 31 ndili m'banja sindinamenyepo mkazi. Ndiyambire iwe?"

Pa maulendo 100, anatero wa tayi, wosewera amapambana pafupifupi 42, amaluza 49, otsalawo mumafanana ndi wogawa ndipo palibe wodya mnzake. Kenaka masewera ali mkati kunachitikadi: 18 kwa 18. Mnyamata anakuwa, "Push!" Amuna onse asanu anadzuka, kupinda mabuluku, n'kutuluka panja kukafuna lole imene yatitimira.

Aphunzitsi opuma aja atamva mawu akuti "house edge" sanafune kuthandizidwa. "House ndi nyumba, edge ndi m'mphepete. M'mphepete mwa nyumba ndi khonde. Basi, ndi banki mkhonde ya azungu." Amayi a banki mkhonde atamva, anamuitanitsa wa tayi Lachinayi, atakhala pamphasa ndi kabokosi kawo ka maloko atatu. "Chiwongoladzanja chake n'chingati?" anafunsa asungichuma. "Kwa wosewera mosalakwitsa, nyumba imadya pafupifupi K5 pa K1,000 iliyonse imene wabetcha. Theka la peresenti." Amayi anaseka mpaka wina mpango kumasuka. "K5! Ife timadula K200, komabe sitinamange ngakhale khola la nkhunda." "Dikirani, amayi. Munthu akamaika K10,000 ulendo uliwonse, maulendo 60 pa ola, wadutsitsa K600,000 patebulo. Nyumba yadyapo K3,000. Wosewera za m'mutu mwake amadyedwa kanayi, K12,000. Mipando ilipo 7, ndipo m'menemo dzuwa sililowa." Kuseka kunatha. "Nanga akakana kupereka, mumakalanda mbuzi?" "Sitilanda kanthu. Amabweretsa okha, ena pa takisi." Asungichuma anatseka kope pang'onopang'ono. "Azimayi, zaka zonsezi takhala pakhonde lolakwika."

Mnyamata wa kabaza, wa nzeru za pasiteji, anati waigwira. "Wogawa amakoka mpaka 16, pa 17 amaima, eti? Nanenso ndizichita chimodzimodzi. Lamulo limodzi, mwayi umodzi." Wa tayi anamuuza kuti otengera wogawa amadyedwa kuposa K50 pa K1,000, koma khutu linali pa ulendo. Tinasewerera mbatata. Wa kabaza anakoka pa 15, kunabwera 8, 23, wapsa. Mbatata zake zisanu zinawolokera kwa wa tayi nthawi yomweyo. Kenaka wa tayi anasewera zake chifukwa ena anali akudikira: 14, Mfumu, 24. Wa kabaza anadumpha. "Wapsa nawenso! Bweza mbatata!" "Munayamba kufa ndinu, achimwene." "Koma nawenso wafa!" "Eya, koma ine ndafa nditadya kale chuma chamasiye."

Aneba athu ndi munthu wamantha, sakwera matola kumbuyo. Ataona zimenezi analumbira kuti iwo kupsa ayi. Akafika pa 12, basi, manja m'thumba. Wogawa aonetse 10, aonetse Ace, iwo ali duu. Wa tayi anati njira imeneyo imadya pafupifupi K40 pa K1,000, aneba anangoti, "Gawa, mwana iwe." Pofika naini koloko ndowa yawo ya mbatata inali yoti n'kutungira madzi. Kunyumba akazi awo anafunsa mmene zayendera. "Bwino kwambiri, mayi. Sindinapse ngakhale kamodzi." "Nanga mbatata?" "Zapita zaziwisi."

Achimwene anga anapeza 16, wogawa akuonetsa 10. Anaitana mphwawo pambali. "Tandiuze ngati malume ako, osati ngati kasitomala." "Mukakoka, pa mitundu 13 ya makhadi, 8 ikupsetsani: kuyambira 6 mpaka Mfumu." "Ndiye ndiime." "Mukaima, ine ndimafika 17 kapena kuposa maulendo pafupifupi 77 pa 100." "Ndiye nditani?" "Kokani. Konse n'kuluza, koma uku mumaluzako pang'ono." Achimwene anayang'ana makhadi awiriwo nthawi yaitali, ngati munthu amene wazindikira m'bale pamaliro. "Ndaudziwa uwu. Ndi msewu wathu mu February. Ukapita umatitimira, ukakhala mbatata imaola."

"Mukalandira ma 8 awiri, alekanitseni nthawi zonse," anatero mnyamata. "Ali pamodzi ndi 16, nyumba ya mavuto. Aliyense akhale payekha, koma mudziwe kuti muikanso ndalama ina yofanana ndi yoyamba." Bambo wina wa mitala anagwedeza mutu mwachisoni. "Osandiphunzitsa, mwana wanga. Ndinawalekanitsa 2019. Feteleza ndimagula kawiri, ndipo konse ndikuluza."

Kudakali komweko: ma 10 awiri salekanitsa, chifukwa 20 ndi dzanja labwino kale. Dalaivala wina wa lole anati iye amalekanitsa, popeza mwina angapeze 21 kawiri. Akazi ake anali pakhomo ndi poto wa tiyi. "Musavutike naye," anatero. "Uyu ali ndi 20 kunyumba, koma amakafunabe 21 ku Lizulu."

Dalaivala yemweyo ndi munthu wa malamulo: mapepala ake onse amakhala m'jumbo. Wogawa ataonetsa Ace n'kufunsa amene akufuna inshuwalansi, iye anali woyamba. Wa tayi anayesa kumuletsa. "Bambo, kumeneku n'kubetcha chabe kuti khadi langa lobisika ndi 10. Makhadi otero ndi 4 pa 13 alionse. Mukaika K1,000 maulendo 13, mupambana kanayi, K2,000 ulendo uliwonse, ndiye K8,000. Muluza K9,000." "Ine siniyenda wopanda inshuwalansi." Analipira. Khadi lobisika linali 7, wogawa 18, dalaivala 17. Zonse ziwiri zinapita, ya inshuwalansi ndi ya kubetcha. Iye sanatekeseke, anatulutsa bolopeni. "Ngozi yachitika, mboni zilipo. Lipoti la apolisi ndikatenge ku Ntcheu kapena pompano?"

Pa 11 pali mwayi wina: umawirikiza ndalama, koma amakupatsa khadi limodzi lokha, osawonjezera. Amati double down. Mayi wa golosale anaseka. "Kulipira kawiri, kulandira chimodzi? Chiyambireni kwacha kugwa ndi 44% mu November 2023, makasitomala anga onse ndi akatswiri a masewera amenewa."

Wa tayi amayenda ndi kakhadi ka mabokosi ofiira, achikasu ndi obiriwira, kouza munthu pokoka ndi poima. Anati njira imeneyi sinachokere kwa anjuga. Anaipeza asilikali anayi a ku America, Roger Baldwin, Wilbert Cantey, Herbert Maisel ndi James McDermott, akuwerengera pa makina a patebulo ku Aberdeen Proving Ground, n'kuitulutsa mu 1956. Aneba amantha aja anangomva mawu amodzi, asilikali. Kutacha anaika makhadi m'thumba, ulendo kumene asilikali athu ankagwira ntchito pa msewu wa Tsangano–Neno–Mwanza. Anamupeza wina akulondolera galimoto yamchenga. Analowa mumsewu makhadi ali m'mwamba. "Bwana, ine 12, wogawa 4!" Msilikali anakuwa, "Imani!" Aneba anabwera akuthamanga. Wa tayi anayang'ana kakhadi kake: 12 pa 4, ima. Mpaka lero aneba akaona yunifolomu amavula chipewa patali.

Nkhani inafika pa Edward Thorp, katswiri wa masamu amene mu 1962 anatulutsa buku la Beat the Dealer, kuonetsa kuti wowerenga makhadi amene atuluka akhoza kuidyako nyumba. Mlamu wanga wamng'ono, amene amawerenga matumba pokweza lole ndipo sanasokonezepo, anati ntchito imeneyo ndi yake. Wa tayi anamuchenjeza kuti masiku ano sagawa kuchokera pa paketi imodzi ya makhadi 52. Amasakaniza mapaketi 6 m'kabokosi kotchedwa shoe. "Nsapato?" "Dzina chabe." Tinabwereka mapaketi mudzi wonse, tinawaika m'gambutsi. Mlamu anasewera maola awiri milomo ikungogwedera, mbatata zikupita, iye osaphethira. Zitatha zonse anaimirira mwachipambano. "312. Onse alipo, palibe amene waba."

Wa kabaza uja anabweranso ndi nzeru ina, akuti anaiona pafoni. "Ndikaluza K1,000 ndiika K2,000. Ndikaluza, K4,000. Tsiku lopambana zonse zibwerera, n'kutsala ndi phindu." Wa tayi analemba pansi ndi kamtengo. "Mukaluza maulendo 10 otsatizana, zapita K1,023,000. Wa 11 muyenera kuika K1,024,000." "Ndikapambana?" "Phindu K1,000." "Waona? Phindu lilipo!" Pangodya panali bambo wa katapila, amene sapatsa munthu moni asanaone chikole. Anadzuka, anapukuta mpando wake ndi chipewa. "Khalani apa, achimwene. Njinga ija mapepala ake alipo?"

Achimwene anga analuza maulendo 8 motsatizana, nkhope ikungowala. "Tsopano makhadi ali nane ngongole. Ulendo uno ndi wanga." Mphwawo anati makhadi alibe kope la ngongole. Anawauza za ku Monte Carlo pa 18 August 1913, pamene kampira ka roulette kanagwera pakuda maulendo 26 otsatizana, anthu akukhuthulira chuma pofiira, aliyense akuti tsopano basi nthawi yakwana. Achimwene anamvetsera mwachidwi. "Nanga ulendo wa 27?" "Kanagwera pofiira." "Waona! Gawa."

Alamu anga anaonapo matebulo awiri m'tauni. Lina linalembedwa kuti blackjack imalipira 3 to 2, lina 6 to 5. Iwo anasankha lachiwiri, ndipo anatifotokozera ngati tili ana: 6 ndi wamkulu kuposa 3, 5 ndi wamkulu kuposa 2. Akazi awo, amene amagulitsa kabichi m'makwacha ndi m'mametikali osagwira foni, anawerengera m'mwamba. "Pa K10,000, loyambalo limakupatsani K15,000. Lanulo K12,000." Alamu anakanda m'mutu. "Nanga K3,000 inayo ndi ya chiyani?" "Ndi fizi ya sukulu ija munathawa."

Alamu omwewo mpaka lero amati kasino anaigonjetsa. Mowa amapereka waulere, akutero, ndipo Mngoni sachita naye masewera pa nkhani imeneyo. Anamwa mabotolo anayi osatulutsa tambala. "Nanga K200,000 ya kabichi ija?" anafunsa akazi awo. "Imeneyo inapita patebulo, ndi nkhani ina. Ine ndikunena za mowa."

Wachinyamata wina anasewera nafe theka la ola n'kuyamba kuyasamula. Anati blackjack yeniyeni, Ace ndi 10 pa makhadi awiri oyamba, imabwera liti? Wa tayi anati pafupifupi kamodzi pa maulendo 21. Mnyamatayo anaponya makhadi, n'kutulutsa foni. "Zochedwa izi. Kuti ndiluze K5,000 ndikhale mpaka usiku? Kandege kanga kamandithera m'masekondi asanu, n'kutsala ndi nthawi yokathirira tomato."

Msuweni wanga, mkulu wa mpingo yemwe uja, anasocheranso, ulendo uno mpaka kwa sing'anga kutsidya kwa malire. Anapempha mankhwala a makhadi. Anapatsidwa kamuzu kotafuna pa 16 ndi kena koika m'sokosi. Anapita ku Blantyre, anabwerako pa ngongole ya kondakitala. Anakafika kwa sing'anga maso ali psu. "Agogo, mankhwala anu sanagwire." Sing'anga anaponya ula, n'kupukusa mutu. "Anagwira. Vuto n'lakuti eni nyumba aja anafika kuno musanabwere inu. Anangopempha pang'ono, theka la peresenti, koma la tsiku lililonse."

Mkulu wa chibonga uja anafunsa ngati apolisi sagwira. Wa tayi anati zonse ndi zovomerezeka: lamulo la masewera otere linabwera mu 1996, ndipo kutsatira lamulo latsopano la 2022 amene amayang'anira ndi a Malawi Gaming and Lotteries Authority. Wosakwana zaka 18 salowa. Mkulu anakweza buluku, kuonetsa chipsera cha pabondo. "Ichi ndinachipeza ndikulumpha mpanda kuseri kwa msika, titagwidwa pa njuga ya matambala. Ndiye yanuyi ikusiyana bwanji ndi yathu ija?" "Yathu ili ndi laisensi, agogo. Komanso pansi pali kapeti." Mkulu anatsitsa buluku. "Ndimadziwa kuti chinatilakwitsa ndi fumbi."

Tchuthi chikutha, wa tayi anali ndi phiri la mbatata zimene anatidya. Anaitana venda. Venda anabwera ndi ndowa yake, ija yomenyedwa pansi mpaka kutupa ngati mimba, n'kuyamba kusanja mbatata pamwamba mpaka nsonga kufika m'chiuno. Ndowa zisanu ndi imodzi za kunyumba zinasanduka zinayi. Mnyamata anatulutsa foni, anawerengera, anabwerezanso. "Achimwene, apa mwandidya 33%. Ife timadya theka la peresenti, ndipo boma limatiyang'anira." Venda anamanga thumba osatembenuka. "Musatifanizire zimenezo, bwana. Ife njuga sitisewera."

Tsiku lonyamuka anadzera kudimba kukatsanzika, chifukwa agogo anali komweko akulondera mbewu yawo yatsopano. Chisoso chinali chofika m'mawondo. Pobwerera kumsewu, buluku la ku Lilongwe linali litadzaza tinjere take. Agogo anamukhazika pamwala, n'kuyamba kuthothola kamodzikamodzi, akuwerenga mokweza. Anafika 19, 20, 21. Mnyamata anati adzuke. Agogo anamugwira mwendo, anatembenuza mpendero, n'kupezamo kena. "22. Wapsa, mdzukulu wanga. Siya ndalama ya basi apa."